Kusaka mbiri yakale m'nkhokwe za mabuku

Wophunzira akandifunsa komwe angapeze zolemba zodalirika za kuwukira kwa John Chilembwe mu 1915, sindimutumiza ku Google. Ndimati ayambire pa WorldCat, kaundula wosonyeza malaibulale amene akusunga buku lomwe munthu akufuna. Pamenepo apeza Independent African, buku la George Shepperson ndi Thomas Price la 1958. Nkhani za akatswiri zili pa JSTOR, nkhokwe ya pa intaneti, kuphatikizapo za mu Society of Malawi Journal. Za kalowedwe ka pa JSTOR afunse woyang'anira laibulale yapakoleji.

Ambiri amaphonya posaka: zolembedwa 1964 isanafike zimati Nyasaland, ndiye wosaka ndi dzina loti Malawi lokha zambiri zimamupita. Mukapeza nkhani imodzi yabwino, sakaninso mabuku onse amene mlembi wake wawatchula kumapeto.