Ndani ankauza Tom nthawi yoti agwe?

Ana inu, katuni ya Tom ndi Jerry ikamayamba pamatuluka mayina, ndipo ambirife timangodikira kuti mphaka ayambe kuthamangitsa kambewa. Ulendo wina mudzawawerenge mayinawo. Pakati pawo pali madayirekita, anthu amene ankatsogolera gulu lonse la ojambula.

Tom ndi Jerry anayambira ku kampani ya mafilimu ya MGM ku America mu 1940, m'manja mwa abambo awiri, William Hanna ndi Joseph Barbera. M'katuni yawo yoyamba, Puss Gets the Boot, mphakayo dzina lake linali Jasper, ndipo ankakonda kuyenda ndi miyendo inayi ngati mphaka wa pakhomo panu.

Nthawi imeneyo kompyuta yojambulira kunalibe. Ojambula ankayamba ndi pensulo papepala, ena n'kukopera pa mapepala oonekera mbali zonse, kenako n'kupaka utoto kumbuyo kwake. Pa sekondi imodzi ya filimu pamadutsa zithunzi 24, ndiye katuni ya mphindi 7 imadya zithunzi zoposa 10,000!

Nanga madayirekita ankachita chiyani? A Barbera ankapeka nkhani ndi kujambula nthabwala zake. A Hanna ankawerengetsa nthawi, ndipo kwa ine luso lalikulu lagona pamenepa. Tiyerekeze kuti simbi yositira zovala ikugwera Tom pamutu. Ikangogwa nthawi yomweyo, simuseka kwenikweni. Koma Tom akayamba waiona, maso n'kutong'oka, makutu n'kugwa, n'kukhala chilili kwa theka la sekondi, kenako phoo! Apo ndiye mumagwa nako kuseka. Theka la sekondi limenelo ndi zithunzi 12, ndipo panali munthu wosankha kuti zikhale 12, osati 6. Ngakhale kukuwa kwa Tom akamupweteka, nthawi zambiri amene ankakuwa anali a Hanna omwewo.

Awiriwa anatsogolera makatuni 114 a Tom ndi Jerry, ndipo 7 analandira mphoto ya Oscar. Chodandaulitsa n'chakuti mphotozo zinkapita kwa bwana wawo, Fred Quimby, amene sankajambula n'komwe.

Dayirekita akasintha, mphakanso amasintha. Gene Deitch anapanga makatuni 13 mumzinda wa Prague mu 1961 ndi 1962, okhala ndi phokoso lachilendo kwambiri. Kuyambira 1963 mpaka 1967 ntchitoyi inali ya Chuck Jones, amene anapatsa Tom nsidze zikuluzikulu, Jerry n'kumukulitsa maso ndi makutu. A Jones omwewa, ali ku kampani ina ya mafilimu ya Warner Bros., ndi amene anayambitsa Road Runner ndi Wile E. Coyote mu 1949. Mwaona momwe Coyote amathamangira kupitirira phompho, n'kuima m'malere, osagwa mpaka atayang'ana pansi?

MGM itatseka nthambi yake ya makatuni mu 1957, a Hanna ndi a Barbera anatsegula kampani yawoyawo, n'kuyamba kupanga makatuni a pa TV monga The Flintstones mu 1960 ndi Scooby-Doo mu 1969. Ndalama zinali zochepa, choncho anachepetsa zojambula. Fred Flintstone akamathamanga m'nyumba mwake, mudzayang'anitsitse kumbuyo kwake: zenera lomwelomwelo limadutsa mobwerezabwereza.