Nkhawa Zikakula, Uphungu ndi Masewera Olimbitsa Thupi Ziyendere Limodzi

Achinyamata anzathu, aliyense amakhala ndi nkhawa nthawi zina. Mayeso akayandikira, fizi ikasowa, kapena tikamadikira zotsatira za magazi kuchipatala, mtima umagunda ndipo tulo sitibwera. Zimenezi n'zachibadwa. Koma nkhawa zikatenga miyezi osatha, mpaka munthu kujomba kusukulu, kupewa anzake ndi kulephera kudya, amenewo ndi matenda ofunika chithandizo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, ndipo 58 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata.

Kodi m'thupi mumachitika chiyani?

Ubongo ukaona choopsa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umathamanga, mpweya umabanika, thukuta limatuluka ndipo minofu imakungika kuti munthu athawe. Zimenezi zimatipulumutsa tikakumana ndi njoka panjira. Vuto la wodwala nkhawa n'loti zimamuchitikira popanda njoka iliyonse.

Tiyerekeze mtsikana wa Fomu 4 amene mtima umamuthamanga akangolowa m'kalasi. Amaganiza kuti, "Ndikomoka, kapena mtima wanga uima." Maganizo amenewa amawonjezera mantha, manthawo n'kuthamangitsanso mtima. Mapeto ake amayamba kuopa thupi lake lomwe ndipo amasiya kupita kusukulu.

Kodi uphungu umathandiza bwanji?

Njira imodzi yodziwika ya uphungu imatchedwa CBT. Mmodzi mwa amene anaiyambitsa ndi dokotala wa ku America, Aaron Beck, m'zaka za m'ma 1960. Phungu amakumana ndi munthu kangapo n'kumuthandiza kuunika maganizo ake: kodi zimene ndikuopazi zinachitikapo? Umboni wake uli pati? Kenako amamuthandiza kubwerera pang'onopang'ono kumalo amene amawathawa, mpaka mantha atachepa.

Nanga masewera akubwera pati?

Choyamba, munthu akathamanga mtima umagunda kwambiri, amapuma mofulumira ndipo amatuluka thukuta. Zizindikirozi n'zofanana ndi za mantha zija. Akapuma kwa mphindi zingapo, zonse zimabwerera mwakale popanda choipa chilichonse. Phungu anamuuza mtsikana uja kuti kuthamanga kwa mtima sikupha, koma pabwalo amadzionera yekha. Akachita zimenezi kawirikawiri, thupi limazolowera ndipo amasiya kuopa kugunda kwa mtima wake.

Chachiwiri, masewera amathandiza munthu kugona bwino. Kusowa tulo kumakulitsa nkhawa, ndipo wogona mokwanira amatha kutsatira bwino zimene anagwirizana ndi phungu.

Chachitatu, nkhawa zimakula munthu akamadzitsekera m'nyumba n'kumangoganiza. Masewera a pagulu amamutulutsa ndi kumubwezera pakati pa anzake.

M'chaka cha 2023, bungwe la WHO linaika masewera olimbitsa thupi okonzedwa bwino pamndandanda wa njira zothandizira akuluakulu odwala nkhawa, pamodzi ndi uphungu wa CBT komanso mankhwala.

Kodi masewera paokha ndi okwanira?

Ayi. Mpira sungathetse nkhanza zapakhomo, chisoni cha maliro kapena maganizo odzida. Ena amathamanga pongofuna kuthawa maganizo, koma akakhala pansi vuto limakhala lilipobe. N'chifukwa chake masewera ayenera kuwonjezera pa uphungu, osati kulowa m'malo mwake. Ngati adokotala anakupatsani mankhwala, musasiye kumwa chifukwa choti mwayamba masewera.

Kodi tiyambe bwanji?

WHO imalangiza kuti azaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 patsiku, ndipo azaka 18 kupita m'tsogolo azichita mphindi zosachepera 150 pasabata. Sipafunika ndalama. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kudumpha chingwe, kuvina, mpira wamiyendo ndi ntchemberembaye zonse n'zothandiza.

Yambani ndi mphindi 10 n'kumawonjezera sabata iliyonse. Uzani phungu wanu kuti mukonzere limodzi ndondomeko. Lembani m'kope mmene mukumvera musanayambe ndiponso mukamaliza, ndipo mukamuonetse pokumana naye. Ngati muli ndi vuto la mtima, mphumu, kapena mwangodwala kumene, funsani kaye azaumoyo. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imani ndipo pitani kuchipatala.

Kodi kalabu yathu ingachitepo chiyani?

Sankhani masiku awiri kapena atatu pasabata a masewera, ndipo pakhale malo a aliyense, ngakhale wosadziwa kusewera. Mnzanu akasiya kubwera, kamuoneni. Musamuseke kapena kumunena kuti ndi wofooka, ndipo zimene wakuuzani musakaulule kwa ena. Kumbukirani kuti inu si aphungu. Ntchito yanu ndi kumumvetsera ndi kumuperekeza kuchipatala chapafupi, kumene angamutumize kwa odziwa za matenda amaganizo monga a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kapena chipatala cha Zomba Mental. Akanena zofuna kudzipha, musamusiye yekha. Uzani munthu wamkulu wodalirika ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.