Pikapu yakhulidwa pa Njuli: mupise m'thumba kapena mupite ku inshuwalansi?

Inu amene mumapikula tomato ndi kabichi ku Mbulumbuzi kapena ku Namadzi n'kukagulitsa mu Limbe, msewu wa Zomba mukuudziwa: maminibasi kuima paliponse, akabaza kungotulukira. Pikapu ikakhulidwa pa Njuli, mawu oyamba amakhala akuti, "Bwana, tingokambirana, za apolisi zichedwetsa." Tomato nayenso sadikira lipoti.

Musanavomere, yang'anani kaye pepala lanu la inshuwalansi. Ambiri muli ndi third party, ija lamulo limakakamiza galimoto iliyonse. Imeneyi imalipira munthu amene mwamulakwira, galimoto yanu ayi. Ngati wolakwa ndinu, bampala mukonza nokha basi. Ngati ndi mnzanuyo, yolipira ndi kampani yake, ndipo idzafuna lipoti la apolisi lomwe lija mumalithawa.

Eni comprehensive ndiwo ali ndi chosankha. Pali kanthu kotchedwa excess, ndalama yoyamba imene mumalipira nokha nthawi iliyonse mukakleima. Tinene kuti excess yanu ndi K200,000, ndipo amakaniko ku Limbe akuti chitseko awongola ndi kupenta pa K250,000. Ndiye kuti mukuthamangira K50,000 yokha, galimoto ili pagaraja kudikira oyeza a kampani, geni itaima. Chaka chamawa mwatayanso no claim discount, ija amakutsitsirani mtengo chifukwa chosakleima. Zoterezi lipirani nokha, koma a kampani auzeni ndithu kuti kunachitika kangozi.

Munthu akavulala, nkhani yasintha. Ngakhale adzuke n'kudzisasa fumbi, musayerekeze dala zokambirana. Wakabaza amene walandira K30,000 lero atha kutulukira patapita miyezi, loya kutsogolo, lipoti lachipatala m'manja. Ngati kampani simunaiuze msanga, kapena munavomera kale kulakwa pamsewu pomwepo, yapeza pokanira, ndipo chipukuta misozi chingagwere inu nokha. Mutengereni wovulalayo kuchipatala cha boma pa Chiradzulu kapena ku Nguludi, dziwitsani apolisi, kampani muiimbire tsiku lomwelo.

China chimene ambiri sachiona: kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe masipeya ndi ochokera kunja. Ngati mtengo wa galimoto papepala udakali wakale uja, kampani iwerengera wakalewo, chotsala n'chanu. Nanga inu munalembetsa pikapu ngati yoyendera pakhomo koma mukuchitira matola, mukuti akakufunsani mudzayankha chiyani? Pamenepanso amakana.

Kampani ikamangokuzengerezani mapepala onse muli nawo, musathere pokalipira mlonda pageti. Lembani dandaulo, sungani kope, ndipo zikakanika pitani nalo kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, amene amayang'anira makampani a inshuwalansi m'dziko muno.