Msinkhu wa Mbawala ndi Gwape

Lero tikambe za nyama ziŵiri za m'nkhalango za Zomba ndi Malosa, kumtunda kwa chigwa cha Domasi: mbawala ndi gwape.

Mlenje wanzeru amayamba wayang'ana nyanga. Mbawala yamphongo yokha ndiyo imamera nyanga, ndipo siziguluka chaka ndi chaka monga zimachitira nyanga za nyama zofanana nayo za ku Ulaya. Zikakhala zazifupi ndi zowongoka, imeneyo ikali yanthete; zikatalika ndi kupotana, yakhwima. Ubweya nawonso umanena zoona: yamphongo imabadwa yofiirira, koma imanka niderapo pamene ikukula.

Thupi lokha limanyenga. Gwape wamkazi kaŵirikaŵiri amaposa wamphongo kukula, choncho wothamangira nyama yaikulu amapha make. Tsono nyama zimenezi zimabereka mwana mmodzi n'kumubisa m'ziyangoyango. Make akafa, mwanayo amafera pomwepo ndi njala. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumbukiraninso kuti lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992, limene analikhwimitsa mu 2017, limaletsa kusaka popanda chilolezo.