Kugula Padi ya Magemu

M'matauni athu muli tinyumba tambiri momwe anyamata amalipira kuti aseŵere mpira pa wailesi yakanema. Ena mwa inu muli ndi bizinesi yotere. Ena munagulira ana makina a PlayStation kunyumba. Nonsenu mwaona kuti makinawo amakhalitsa, koma padi sichedwa kufa. Padi ndi kachipangizo kamene woseŵera amagwira ndi manja aŵiri, kokhala ndi mabatani ndi tindodo tiŵiri tokankha ndi chala chachikulu. Padi ikafa gemu yaima, ndalama nazo zaima.

Tsono mwafika kumsika. Wogulitsa wakuyalirani mapadi atatu, onse akuda, onse ofanana. Yasiyana ndi mitengo yokha. Mutenga iti?

Padi ina imapangidwa ndi mwini makinawo. Mwini PlayStation ndi Sony, mwini Xbox ndi Microsoft, mwini Switch ndi Nintendo. Imeneyi ndiyo yodula. Ina imapangidwa ndi kampani ina imene inapempha chilolezo, monga Hori ya ku Japan kapena PowerA ya ku America. Pabokosi pake pamakhala chizindikiro cha chilolezocho. Palinso mapadi opanda chilolezo, ndipo apa mpofunika kutsegula maso. Ena opanga ngoona mtima, amalemba dzina lawo poyera. Ena ndi akamberembere, amalemba kuti Sony pa chinthu chimene Sony sanachikhudze nkomwe.

Kale padi ya kampani ina inali yonyozeka. Kampani ya Mad Catz, imene inayamba mu 1989 ku America, inatchuka ndi mapadi otchipa. Mnyamata ankaseŵera ndi padi yabwino, ya Mad Catz nkupatsa mng'ono wake kapena mlendo. Kampaniyo inagwa mu 2017, ngakhale kuti dzinalo anthu ena analidzutsanso. Koma musaganize kuti zinthu zikali choncho.

Taonani za kandodo kaja. M'mapadi ambiri, pansi pa kandodo pali kachitsulo kamene kamakhula pa kanjira kakuda kodutsa magetsi. Mukukumbuka wailesi yakale imene inkachita phokoso mukamakweza mau? Chokwezera mau chija chinali chitaperepeseka kapena chitaloŵa fumbi. Kandodo ka padi nakonso kamatero. Kakaperepeseka, woseŵera mpira pa kanemapo amayamba kuthamanga yekha, inu musanamukankhe. Bvuto limeneli silisankha mtengo. Mapadi a Nintendo Switch, makina amene anatuluka mu 2017, anabvuta chonchi mpaka mu 2019 anthu ku America anakasuma kukhoti, ndipo Nintendo anayamba kuwakonzera mwaulere.

Pali mtundu wina wa kandodo wogwiritsa ntchito maginito. M'menemo mbali imene imayeza kayendedwe ka kandodo sikhulana ndi kanthu, choncho siperepeseka msanga. Nzeruyi si yatsopano ayi. Makina a Sega Dreamcast a mu 1998 anali nayo kale. Amene aitsitsimutsa ndi makampani ang'onoang'ono monga GuliKit ndi 8BitDo a ku China. Pabokosi amalemba mau akuti Hall effect. Ine ndikawaona mau amenewo pa padi ya kampani yodziŵika dzina, sindiopa kugula.

Chimene ndimaopa ndi chinthu chokhala ndi batire kapena cholumikiza ku magetsi. Mu 2010 Sony anachenjeza kuti mapadi achinyengo a PlayStation 3 angathe kuyaka kapena kuphulika. Mu 2018 anthu ena anaonongetsa Switch zawo poziika pa chochajira cha kampani ina. Pofuna kusunga ndalama zochepa anataya makina athunthu. Ndiponso mwini makina angathe kutseka chitseko: kuyambira mu November 2023 Microsoft anayamba kukaniza zipangizo zopanda chilolezo pa Xbox. Padi ili bwinobwino, koma makina akuikana.

Inu a PlayStation 2, samalaninso ndi kakhadi kosungira gemu. Ka Sony ndi ka 8 MB. Mukaona kolembedwa 64 kapena 128 MB, dziŵani kuti ndi ka ena. Tina timagwira ntchito, koma tina timafafaniza zonse zimene mwana anasunga miyezi yambiri. Kulira kwake mumakudziŵa.

Tiyeni tichite samu, mitengoyi tingoyerekeza. Padi yotchipa ndi K15,000 ndipo m'kanyumba ka magemu yakhala miyezi 2. Pachaka mugula mapadi 6, ndiye kuti K90,000. Padi yabwino ndi K60,000 ndipo yatha chaka. Yodula ndi iti pamenepa? Komatu kunyumba, kumene ana amaseŵera Loŵeruka lokha, yotchipa ija ingakhale nthaŵi yaitali, ndipo palibe chifukwa chophera thumba.

Musanapereke ndalama, muuzeni wogulitsa kuti, "Achimwene, tailumikizani tiione." Akakana, pitani pena. Akalola, dinani batani lililonse. Kenaka siyani tindodo osatikhudza, muone ngati munthu wa pa kanemayo waima chilili. Inyamuleni padiyo. Yachinyengo kaŵirikaŵiri imapepuka, ndipo mukaigwedeza mumamva zina zikulira m'kati. Ŵerengani zolembedwa kumbuyo kwake, pakuti achinyengo amalakwitsa zilembo kapena kuzisindikiza mosaoneka bwino. Onaninso pamene waya waloŵera m'padi, poti mpamene amayambira kuduka anyamata akamakokana chigoli chikaloŵa.

Ngati mapadiwo ndi a bizinesi, a waya ngabwino. Safuna kuchaja, alibe batire loti life, ndiponso munthu sangaike m'thumba nkutuluka nawo. Pomaliza pemphani lisiti, ndipo wogulitsayo alembepo masiku amene mungabweze padiyo ikapezeka ndi bvuto.