Liwu Loti "Boma": Matanthauzo ndi Gwero Lake

Agogo anga a ku Ulongwe amasimba kuti kale akati "ndikupita ku boma", unali ulendo wowoloka Shire pa Liwonde kupita ku Machinga. M'chaka cha 1998 Balaka idapatulidwa kukhala boma palokha, ndipo mawu omwewo adayamba kuloza njira ina. Izi n'zimene zidandichititsa kulifufuza liwuli.

M'Chichewa liwu loti "boma" lili ndi matanthauzo atatu, ndipo timawazindikira ndi mawu oyandikana nalo. Tikati "ku boma" tikunena malo omwe kuli ofesi ya bwanamkubwa, polisi ndi bwalo la milandu. Tikati "m'boma la Machinga" tikunena dera lonse ndi midzi yake. Koma tikati "boma lakweza msonkho" tikunena olamula dziko.

Anzanga ambiri amakhulupirira kuti liwuli ndi chidule cha mawu a Chingerezi oti British Overseas Military Administration. Maganizowa ndi olakwika. Henry Morton Stanley adaligwiritsa ntchito m'buku lake la How I Found Livingstone la m'chaka cha 1872, pomwe ulamuliro wa Angerezi udakhazikitsidwa kuno m'chaka cha 1891. Gwero lake ndi Chiswahili, momwe "boma" ndi linga kapena mpanda wotchinjiriza anthu ndi ziweto.

Nanga mpanda udasanduka bwanji ulamuliro? Harry Johnston atayamba kulimbana ndi mafumu a Ayao monga Liwonde ndi Kawinga, asilikali ake ankamanga malinga. M'malingamo ndi momwe munkakhala mzungu wolamula, munkaweruzidwa milandu ndiponso munkakhomedwa msonkho. Motero dzina la mpanda lidapatsidwa kwa anthu okhala m'katimo, kenaka kwa dera lomwe ankalilamula. Lero liwuli lidakhazikika ngati la Chichewa chenicheni: timati boma lathu, maboma athu.

Komabe ine ndimaona kuti mpandawo sudagwe m'kalankhulidwe kathu. Mjigo wa m'mudzi mwathu utawonongeka, udakhala miyezi osakonzedwa, amayi akutunga madzi kudambo. Aliyense ankangoti, "N'za boma izi." Chinthu cha boma timachiona ngati cha eni ake a m'kati mwa linga, osati chathu.

Pomaliza, mbiri ya liwuli ikusonyeza kuti mawu amasunga maganizo a nthawi imene adabwera. Atsamunda adachoka m'chaka cha 1964, koma tikamatchula boma, ambirife timadziyikabe kunja kwa mpanda.