Chotupa cha m'nsagwada chochokera ku minofu yopanga mano

Mano a mwana akamapangika m'nsagwada, tizidutswa ta minofu yowapanga timatsalira m'fupa. Mwa anthu ochuluka sitichita kanthu moyo wonse, koma mwa owerengeka timasanduka kathumba ka madzi kamene kamakula pang'onopang'ono, kakudya fupa cham'kati. Nthawi zina kathumbaka kamazinga dzino lomwe linakanika kutuluka, makamaka lakumapeto kwa nsagwada ya m'munsi. Mtundu wina wosowa kwambiri, umene umakhala ndi timibulu tolimba m'kati, anaufotokoza Robert Gorlin ndi anzake mu 1962.

Kuipa kwa kathumbaka n'koti poyamba sikapweteka. Msodzi wa ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, angathe kutha zaka ali nako, n'kudzadzidzimuka tsaya litatupa, mano akugwedera kapena atapendekeka. Mankhwala akumwa sakathetsa, ngakhalenso kutema mphini, chifukwa nthendayo ili m'fupa.

Kathumbaka kamaoneka pa X-ray, koma mtundu wake umatsimikizika kachidutswa kake kakapimidwa ku labotale. Kupimitsa msanga n'kofunika zedi, poti mwa ana kutupa kwa nsagwada kofulumira kungakhale khansa ya Burkitt, imene imapezeka m'madera a malungo ndipo siyembekeza munthu.

Odwala a m'dera la nyanja ya Chilwa amawatumiza ku chipatala cha Zomba Central, ndipo zikavuta ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Madokotala amachotsa kathumba konse pa opaleshoni, kawirikawiri pamodzi ndi dzinolo. Mitundu ina imayambiranso patapita zaka, choncho wodwala amayenera kumabwererako kukaunikidwa.